Nkhope ya mwana m'kabokosi ka buluu

Chaka chimene napolo anatsika m'phiri kwathu, anakokolola nyumba ya achemwali anga pamodzi ndi mwana wawo wamkazi. Mtembo sitinaupeze. Maliro atatha, achemwali anandifunsa motsitsa mawu: "Chithunzi chake chija unaika m'kompyuta, chikadalipo?"

Ndinati chilipo, koma mtima unali m'mwamba.

Nthawi imeneyo ndinkatayipa pa kaofesi kena pa Boma. Chithunzicho ndinachisunga pa disiki yochindikala, yolowa m'kabokosi ka buluu kamene tinkakalumikiza ndi chingwe chonenepa pabowo la pulinta, kumbuyo kwa kompyuta. Tsono ofesi inali itagula kompyuta yatsopano. Nditalumikiza kabokosiko, kagetsi kake kanayaka, koma kompyutayo sinakaone n'komwe.

Ndinaimbira foni bambo wina wa ku Blantyre amene ankatikonzera makina.

"Pulogalamu yoyendetsa kompyuta yatsopanoyo ilibe dalaivala, kapulogalamu kothandiza kompyuta kuzindikira kabokosi kameneko," anatero. "Popanda dalaivala sizingamvane. Kompyuta yakale ija ilipo?"

"Ili kosungira katundu."

"Yesani imeneyo. Ikafunsa zofufuta disiki, musavomere. Kabokosiko kakayamba kulira kuti tha, tha, tha, muzimitse msanga. Kakatero ndiye kuti kakuwononga disikiyo."

M'mawa mwake achemwali anakwera minibasi pa Nkando n'kudzakhala pabenchi muofesi, manja ali m'chitenje. Kompyuta yakale ija inkanunkha makoswe. Kunja kunkagwa mvula, magetsi akuphethiraphethira. Kompyutayo inayaka mochedwa, moti ndinayamba kuganiza za mawu oti ndiwauze achemwali.

Ndinalumikiza kabokosi kaja n'kulowetsa disiki. Kabokosi kanalira kamodzi, tha. Chala changa chinali pabatani lozimitsira. Ndinadikira kulira kwachiwiri ndisakupuma. Sikunabwere.

Nkhope inayamba kuoneka pang'onopang'ono kuchokera pamwamba: tsitsi loluka, chipumi, kenaka maso. Sindinamve achemwali akudzuka, ndinangomva mpweya wawo pakhosi panga.

Chingwe cha pulinta chinkadutsira pakabokosi komweko, ndipo nthawi zina zonse ziwiri zinkangosiya kugwira ntchito pamodzi. Ndinayamba ndakopera chithunzicho m'kompyuta, n'kutulutsa disiki, kenaka n'kusindikiza. Pulinta yathu inalibe mitundu.

Achemwali analandira pepalalo ndi manja awiri, n'kuliyang'ana nthawi yaitali.

"Diresi ili linali lofiira," anatero.

Pepalalo analikulunga m'pulasitiki kuopa mvula, ndipo ndinawaperekeza kudepoti.