Tinameta Tadala Lisanafike Loweruka

Ndinadzuka kusanache, msana ukuwawa chifukwa chogona pansi. Amayi amene anachezera kuimba pa siwa anali atagona m'balaza monse, ena akadali mu yunifolomu ya kuchipatala. Ndinawadumpha n'kukayatsa mbaula za gasi kuseri kwa nyumba. Munali mu Febuluwale, ku Edmonton, kuno kwa Angerezi, ndipo madzi a m'ndowa anali ataundana.

Tinkaika mchimwene wanga. Kuseri kwa chitseko kunali masikii a mwana wake Tadala, matabwa aatali otsetserekera pa chipale chofewa. Kuyambira pamene mayi ake anamwalira, bamboyo ankapita naye kokaphunzira sabata iliyonse, ine ndikumuseka kuti Mmalawi ndi chipale n'zotalikirana. Tsopano Tadala ndi atsikana ena awiri anali atasankhidwa kukaimira Malawi pa mpikisano wa mayiko. Ndege inali yonyamuka madzulo omwewo. Koma kwathu wamasiye sachoka pakhomo tisanamete maliro, ndipo amalume athu anali atanena kuti kumeta ndi Loweruka.

Anthu anafika pa mabasi, a ku Lewisham, a ku Barking, ndi anzathu a ku Chipata okhala konkuno omwe. Kumanda kunagwa kamvula kozizira. Tadala anaponya dothi osalira, ndipo zimenezo zinandipweteka kwambiri. Sanapemphe aliyense kuti amulole kupita ku mpikisanowo.

Titabwerera, anthu akusamba m'manja pakhomo, ndinakatenga sizasi ya kukhitchini. Ndine zakhali wa Tadala, kumeta ndi ntchito yanga.

"Amalume," ndinatero, "mwambo umati timete. Kodi unatchula Loweruka?"



"Iwe makani unabadwa nawo," anatero. Kenako anasuzumira pa wotchi yawo. "Nanga ukudikira chiyani? Ku bwalo la ndege la Heathrow si pafupi."

Ndinadula tsitsi la Tadala pang'ono kuseri kwa khutu. Pamenepo ndiye mwanayo analira, nanenso ndinalira. Mayi wina anamumanga chitenje pamwamba pa jekete. Anthu amene anaperekeza bambo ake m'mawa anamuperekeza iyenso mpaka pokwerera basi, amalume atasenza masikii paphewa.

Madzulo nyumba inali zii. Ndinasesa, ndinatsuka mapoto. Kuseri kwa chitseko kunalibe kanthu, ndipo mtima wanga unakhala pansi. Tsitsi lija ndinalikulunga m'kapepala n'kuliika m'Baibulo la mchimwene wanga. Kenako ndinayatsa kanema n'kuyamba kufunafuna tchanelo cha chipale chija, chimene zaka zonsezi ndinkangochidumpha.