Chinjoka Pakati pa Miphika ya Apongozi

Ndinalowa chikamwini kumapiri a ku Ntchisi ndi katundu wochepa: bulangete, khasu lobwereka, ndi bokosi la mabuku. Mabukuwo ndinkagula pa Madisi kwa bambo wina wogulitsa zakale, masiku aja munthu sunkalowa mumsika wopanda khadi la chipani. Anali a Chingerezi, othothoka zikuto, odzaza nkhani za maiko amene kulibe: mafumu okhala m'mapanga, malupanga olankhula, zinjoka zamapiko zolavula moto. Ine zimenezi zinkandikomera kuposa nyama.

Vuto langa linali lakuti ndikawerenga chinthu, manja ankandiyabwa. Ndinkathamangira kudambo kukatapa dongo, n'kuyamba kuumba. Pakhonde pathu panadzaza tiasilikali, akavalo ndi nsanja. Kumunda ndinkapita ndithu, koma mizere yanga inkakhota ngati njira ya woledzera.

Apongozi anga aakazi anali katswiri woumba miphika. Mwa mwambo wathu, iwo ndi ine sitinkalankhulana kapena kuyang'anana kumaso. Tikakumana panjira, wina ankapatukira kutchire. Mawu onse ankadzera mwa mkazi wanga, ndipo amene anabwera nawo tsiku lina sanali okoma.

"Amayi akuti kuno ankafuna mkamwini, osati mwana woumba ng'ombe zadothi. Akuti fodya akatha, abwera amalume adzaone ngati mukhale kapena mubwerere kwanu."

Ndinachita mantha zedi. Mkazi wangayo ndinkamukonda, komanso anali woyembekezera.

Nyengo yosankha fodya tinkaswera m'chigafa. Pofuna kufupikitsa tsiku, ndinayamba kumufotokozera m'Chichewa buku limene ndinkawerenga, la chinjoka chokalamba cholondera kasupe pamwamba pa phiri, ndi mfumu yadyera yofuna kuchipha. Apongozi ankasankha fodya wawo kuseri kwa mpanda wa udzu. Posakhalitsa ndinazindikira kuti nkhani ikafika pokoma, masamba kuseriko ankaleka kuwayawaza.

Nditayandikira kumapeto, ndinapeza kuti buku latha nkhani isanathe. Masamba omalizira kunalibe! Wolakwa sanabisale. Apongozi aamuna, munthu wofatsa ngati nkhosa, ankathothola kumbuyo tsamba limodzilimodzi n'kumapichirira chingambwe.

"Pepala limeneli ndi labwino, akamwini," anatero akutulutsa utsi. "Silitsokomoletsa."

Ndinapsa mtima, koma mkamwini akapsa mtima amapsera m'mimba. Nkhani ndinaisiyira pomwepo. Ukali wonse ndinauthera pa dongo: ndinaumba chinjoka chachikulu ngati tambala, mamba ake ndikudinda ndi chitsononkho. Chitayamba kuuma, mapiko onse awiri anathothoka. Ndinachikankhira pakona pakhonde.

Patapita masiku, mkazi wanga anabwera akudzigwira kuti asaseke.

"Amayi akufunsa kuti napolo wanu uja anathera pati."

"Ukawauze kuti mathero anasuta ndi bambo ako."

Masana amenewo kunyumba kwa apongozi kunamveka phokoso, ndipo apongozi aamuna anakaswera kudimba ngakhale kunalibe chothirira. Kenaka uthenga unabwera: "Akuti mutu muli nawo, malizani nokha. Koma napoloyo musamuphe."

Mawa lake m'chigafa ndinapeka mathero anga. Mfumu ija inaterereka pamatope, anthu n'kuiseka, ndipo chinjoka chinatsala ndi kasupe wake. Kuseri kwa mpanda kunamveka "Eyaa!" kenaka kutsokomola kobisira manyazi.

Komabe sindinadziwe pamene ndaima. Fodya anali kutha, ndipo m'mawa wina ndinapeza chinjoka changa palibe pakhonde. Ndinati basi, ayamba kusesa zanga, kwatsala ine. Ndinayamba kulima mizere yowongoka ngati chingwe, koma ndinkaona kuti madzi afika kale m'khosi.

Tsiku lootcha miphika linafika. Phulusa litazizira, mkazi wanga anandikodola. Apongozi aakazi anali atapatukira kuseri kwa nkhokwe kuti ndidutse. Pakati pa miphika yawo yatsopano panali chinjoka changa, chofiira mbali ina, chakuda mbali ina, mapiko ali tambasu. Anachiumbira ena, olimba kuposa anga aja. Pamoto wawo sipankalowa chinthu cha munthu wina, ngakhale cha achemwali awo.

"Amayi akuti mawa mukatape dongo kumene amatapa iwo," anatero mkazi wanga. "Koma muziyenda m'mbuyo, patali."

Ndinaseka mpaka misozi. Amalume aja sanabwere, ndipo mabuku anga anasamukira pamwamba pa mtanda wa denga, pomwe apongozi aamuna sankafikira.

Apongozi aakazi anatisiya kalekale, tisanalankhulanepo maso ndi maso. Chinjoka chija chili pawindo mpaka lero. Patsinde pa phiko lakumanzere pali kadzenje pamene anakanikiza ndi chala chachikulu. Ndimayesa kuikapo changa, koma sichikwanamo.