Tsiku Limene a Makiyi Anatseka Khadi la Alamu Awo

Seveni koloko m'mawa imakwana a Makiyi ali kale pampando, juzi ili m'thupi, akuwerenga mndandanda wa anthu amene alowa m'makompyuta a kampani kuyambira dzulo. Chipinda chawo chilibe windo. Muli makina anayi aatali ngati mafiriji, olira tsiku lonse, ndipo mumazizira mpaka zala kuuma. Chitseko chake sichidziwa kiyi wachitsulo, chimafuna khadi ndi chala chawo. Ngakhale mayi wokolopa salowamo yekha. Iwo amaima pakhomo mpaka amalize.

Dzina la Makiyi anawapatsa ndi anzawo a pantchito. Munthu akalembedwa ntchito, ndi iwo amene amamupatsa khadi lotsegulira zitseko ndi pasiwedi, mawu achinsinsi olowera m'kompyuta. Amamuikiranso malire: wosunga katundu aone za katundu, wolandira makasitomala aone za makasitomala, basi. Munthu akamachotsedwa, pepala limayamba lafika kwa iwo mwiniwake asanamve, kuti atseke zonse asanapse mtima n'kuwononga zinthu. N'chifukwa chake anthu amawaopa. Akamwetulira munthu pakhonde, munthuyo amathamangira kukayesa khadi lake. Akalowa mokonzera tiyi, nkhani zimathera pakamwa.

Amene sankawaopa anali mmodzi yekha: alamu awo, mlongo wa malemu akazi awo, amene ankagwira ntchito yolandira makasitomala pakampani pomwepo. Ana a a Makiyi ali kutali, kunyumba kumawalandira ndi wailesi. Choncho teni koloko inali nthawi yawo yokhala munthu. Alamuwo ankagogoda ndi phazi, poti manja onse ali ndi makapu.

"Tsegulani, alamu! Mwasanduka nyama ya mufiriji kodi?"

"Zakumwa sizilowa muno, mukudziwa."

"Ndiye tulukani muone dzuwa. Mlongo wanga anakwatiwa ndi munthu, osati loko!"

Ankakhala pamasitepe a kuseri, wina akubwebweta, wina akungopukusa mutu n'kumaseka chamumtima.

Lachiwiri lina, akuwerenga mndandanda uja, diso linaima pa mzere umodzi. Dzina la alamu awo linalowa dzulo lake teni koloko itangopitirira, n'kukopera pa fulashi, kachipangizo konyamulira za m'kompyuta, mayina, manambala a foni ndi malo okhala a makasitomala onse. Koma nthawi imeneyo alamuwo anali nawo pamasitepe, kapu ili m'manja. Ndiye analowa ndani?

Anthu asanafike, anapita pa desiki ya alamu awo n'kutukula kiyibodi. Pansi pake panali kapepala kachikasu komatidwa bwinobwino. Pasiwedi inali pamenepo, yolembedwa ndi bolopeni: dzina la malemu akazi awo ndi chaka chimene anabadwa.

Anabwerera m'chipinda mwawo. Mndandandawo amawerenga okha, palibe wina. Akanatha kungotseka pakamwa, n'kukang'amba kapepalako, nkhani n'kufera pomwepo. Koma manambala aja anali a anthu, ena okalamba, amene mawa adzaimbiridwa foni ndi akuba odziwa dzina lawo ndi khomo lawo. Anasindikiza mzerewo n'kukwera nawo kwa abwana.

"Si iwo anakopera, bwana. Anali ndi ine."

"Ndamva. Koma anasiyira wakuba pasiwedi, ndipo lamulo limeneli anasayinira okha," anatero abwana. "Musawauze kanthu mpaka tifufuze."

Kamera inaonetsa kuti wokoperayo anali munthu wakunja kwa kampani amene anabwera kudzakonza makina osindikizira. Masiku atatu amenewo a Makiyi anamwa tiyi pamasitepe, akumva nthabwala za alamu awo. Lachisanu pepala linafika: zonse za alamu awo zitsekedwe naini koloko isanakwane.

Anatseka. Ntchito yake ndi yochepa, kungodina kawiri.

Sipanapite nthawi, anamva kugogoda, ulendo uno ndi dzanja. Alamu awo anaima pakhomo akugwedeza khadi.

"Alamu, kanthu kanu aka kapenga. Ndikayika pachitseko kakungoyaka kofiira. Kapena mwandichotsa ntchito?" Anaseka okha.

A Makiyi anayang'ana pansi. "Abwana akukufunani."

Kuseka kuja kunazima pang'onopang'ono. "Ndinu mwatseka?"

"Ndine. Kapepala ka pansi pa kiyibodi, alamu. Ndinakuuzani kangati?"

"Ndimaiwala, mukudziwa mutu wanga. Ndiye sabata yonseyi mumamwa tiyi wanga mukudziwa? Osandinong'oneza n'komwe? Ine ndi inu tinagona pansi kuchipatala miyezi iwiri, kudwazika munthu mmodzi!"

Alamuwo anawagwira dzanja, n'kuikamo khadi lija, n'kuwafumbatitsa. Kenako anakwera masitepe osacheuka.

Papita miyezi itatu tsopano. A Makiyi akaimbira alamu awo, foni imangolira mpaka kuduka. Kuntchito anthu anawonjeza kuwatalikira. Amati munthu wotsekera mlamu wake angalekerere ndani? Timapepala ta pansi pa makiyibodi tinatha tonse, ndipo abwana anawayamikira pamsonkhano, koma palibe anaomba m'manja. Teni koloko ikakwana, amangokhala m'kuzizira muja, akuyang'ana timagetsi tobiriwira tikuphethira.

Mayi wokolopa uja ndine, ndipo ndimakhala msewu umodzi ndi alamu awowo. Dzulo ndikukolopa, a Makiyi ataima pakhomo monga mwa masiku onse, anatsokomola kawiri asanayankhule.

"Mayi, alamu anga mumawaona?"

"Ndimawaona, bambo. Ayamba kugulitsa nsapato pakhonde."

Ndikufinya chokolopera, anayankhulanso.

"Ndikupempheni kanthu. Loweruka akazi anga akukwanitsa zaka zisanu chimwalirire. Chaka chilichonse timakalambula pamanda tili awiri, ine ndi alamuwo. Mukawauze kuti ine ndikafika eyiti koloko. Ngati sakufuna kundiyankhula, asandiyankhule. Angobwera ndi khasu lawo."