Nkhope Yobiriwira ya Malemu

Tsiku limene anakapereka chithunzi cha malemu, wojambulayo analakalaka nthaka itang'ambika n'kumumeza.

Anali bambo wodziwika pojambula nkhope za anthu ndi pensulo yakuda. Ankakhala pakhonde la sitolo ya mabuku, thabwa lili pamiyendo, ndipo munthu akamupatsa kachithunzi kakang'ono, iye ankakakulitsa papepala mpaka makwinya onse kuonekera.

Ndiye kunabwera mayi wina wamasiye. Chithunzi cha amuna ake chimene chinatsala chinali cha pachiphaso chokha. Anapempha chachikulu choti apachike pabalaza, koma anati chakuda ndi choyera ayi, chimakumbutsa maliro. Ankafuna cha mitundu, kuti bambowo azioneka ngati ali moyo.

Wojambulayo akanatha kukana. Koma pakamwa panatuluka mawu akuti asadandaule, zitheka. Analowa m'sitolo muja n'kugula bokosi la mapensulo a mitundu, otchipa aja osalembedwa chilichonse. Anagwira ntchitoyo ndi mtima wonse, n'kuiika m'fulemu.

Kunyumba kwa mayiyo anapeza achibale atadzaza pabalaza. Anachotsa pepala lokutira onse akuona. Mlamu wa mayiyo anatsokomola n'kuyang'ana kudenga. Mtsikana wina anagwira pakamwa n'kuthawira kukhitchini, koma kuseka kwake kunamveka ndithu. Mayi wamasiyeyo anayang'anitsitsa chithunzicho, misozi ili mbwee.

"Amuna anga anadwala, inde," anatero motsitsa mawu, "koma sanafike pobiriwira chonchi."

Wojambulayo anayang'ana ntchito yake. Chomupweteka kwambiri chinali chakuti ngakhale pamenepo sanaone cholakwika. Kwa iye nkhopeyo inali bwinobwino. Kwa ena onse, mphumi ndi masaya a malemu zinali ngati tsamba lanthete. Ananyamula fulemu yake n'kutuluka osatsanzika.

Vutoli silinayambe tsiku limenelo. Kuyambira ali mwana, chofiira, chobiriwira ndi chabulauni zinkamuonekera ngati ana a mimba imodzi. Kusukulu anakwapulidwapo chifukwa chojambula galu wobiriwira, aphunzitsi akuyesa chipongwe. Kuchokera pamenepo anaphunzira kubisa. Akatumidwa tomato, ankauza wogulitsa kuti amusankhire wakupsa, ati m'manja mwake mwada. Atayamba kujambula anakakamira pensulo yakuda, n'kumauza anthu kuti za mitundu ndi za ana. Ngakhale mkazi wake sankadziwa.

Nkhani ya chithunzicho sinachedwe kufika pakhonde paja. Anzake anamupatsa dzina lakuti Birimankhwe, ati amasintha anthu mtundu. Wosoka nsapato wa pambali pake ankamufuulira m'mawa uliwonse kuti amujambulire apongozi ake, koma akhale abuluu. Anthu ankaseka mpaka kugwira m'mimba, iye n'kumasekerera nawo monyinyirika.

Posapita nthawi anasiya kupitako. Kunyumba ananena kuti makasitomala atha, n'kupeza ganyu yopaka penti yoyera m'mipanda ya anthu. Kumeneko kunalibe chosankha. Bokosi la mapensulo analiponya pamwamba pa kabati.

Mkazi wake anali telala, ndipo ankasokera m'nyumba momwemo. Nkhaniyo anali ataimva kwa azimayi obwera kudzayesa madiresi, koma sanafunse. Tsiku lina masana, akusoka diresi yofiira, anapempha mwamuna wake kuti amupatsire ulusi wofiira m'chitini. Bamboyo anayang'ana m'chitinimo kwa kanthawi, n'kutola wobiriwira. Mayiyo anauika pambali n'kupemphanso. Anamupatsa wabulauni.

Makina osokera anaima.

"Abambo, ulusi uwu inu mukuuona wotani?"

Anafuna kukalipa, kunena kuti iye si wantchito wa pamakina. Koma anali atatopa ndi kubisa. Anakhala pampando, mutu uli pansi, n'kufotokoza zonse, kuyambira za galu wa kusukulu uja mpaka za pabalaza pa mayi wamasiye. Ankayembekezera kusekedwa, kapena kufunsidwa kuti n'chiyaninso china chimene wakhala akubisa.

"Ndiye zaka zonsezi ndakhala ndikukunenani kuti simudziwa kuvala," anatero mkaziyo, "kani ndinkalimbana ndi munthu wosalakwa?"

Anakwera pampando n'kutsitsa bokosi lija, kulipukuta fumbi. Anadula tepi tizidutswa n'kumata pa pensulo iliyonse. Sanalembepo dzina la mtundu ayi, analemba ntchito yake. Ina analembapo "khungu", ina "mthunzi wa khungu", ina "milomo". Pa yobiriwira ija analemba kuti "masamba, osayandikira nkhope". Bamboyo anawerenga n'kuseka, kuseka koyamba m'miyezi yambiri.

Musaganize kuti zinatheka lero ndi lero. Akaweruka kopaka penti ankasamba m'manja, kusongola mapensulo ndi lezala, n'kuyamba kujambula. Akamaliza ankapereka kwa mkazi wake ngati mwana woyamba sukulu, ndipo mayiyo sankanyengerera. Lero ankati khutu lapsa, mawa ankati munthuyu akuoneka ngati wadwala chikasu. Mapepala ambiri anathera m'mbaula. Masiku ena manyazi ankamugwiranso, akaganiza kuti bambo wandevu akufunsa zinthu zimene ana amadziwa asanayambe kuvala nsapato. Akayamba kung'ung'udza, mkazi wake ankangomukumbutsa kuti safunsa anadya phula.

Pang'ono ndi pang'ono anayamba kudziwa khalidwe la mapensulowo. Anazindikira kuti ukadinda mwamphamvu pepala limanyezimira n'kukana mtundu wina, ndiye ankayamba mopepuka, n'kumasanjikiza mtundu pamwamba pa unzake. Anasiya otchipa aja, amene mtima wake umathyoka ukangosongola, n'kumagula ofewa imodziimodzi, akupita ndi mkazi wake kusitolo kuti akamusankhire. Ndipo zaka zimene anakhala ndi pensulo yakuda sizinapite pachabe, chifukwa diso lake linkadziwa bwino pamene kuwala kwathera ndi pamene mthunzi wayambira.

Anapitanso kuchipatala cha maso. Dokotala anamuuza kuti anabadwa choncho, mankhwala ake palibe, ndipo amuna ambirimbiri ali ndi vuto lomwelo. Anatuluka akudabwa kuti chinthu chimene anachisenza moyo wake wonse ngati mlandu, dokotala anachinena ngati akunena za chimfine.

Chovuta kwambiri chinali chitatsala. Anajambulanso malemu aja, mkazi wake n'kuvomereza, ndipo ananyamuka ulendo wa kwa mayi wamasiye. Anadutsa pageti kangapo osalowa. Atagogoda, mayiyo anamulandirira pakhomo, nkhope ili gwa. Wojambulayo ananena chilungamo chonse fulemu asanaivundukule.

"Simukanangonena tsiku lomwe lija?" anafunsa mayiyo. "Ine ndakhala ndikuganiza kuti munachita dala."

Mawu amenewo anamulasa kuposa chipongwe cha pakhonde. Pamenepo m'pamene anaona kuti kubisa kwake sikunapweteke iye yekha. Mayiyo anachotsa pepala lokutira n'kupukuta galasi ndi mkono wa bulauzi. Kenako anamuuza kuti alowe, amuthandize kukhoma msomali.

Sabata yotsatira anabwerera pakhonde paja. Wosoka nsapato anayambiranso nthabwala zake, koma tsopano zinalibe mano, chifukwa kasitomala aliyense wojambulayo ankayamba ndi kumuuza yekha kuti maso ake sasiyanitsa bwino mitundu ina, ndipo ntchito imatuluka ikaonedwa kaye ndi mkazi wake. Ena ankamva zimenezo n'kubwerera. Ena ankaona zithunzi zimene wapachika n'kukhala pansi.

Mmodzi mwa okhala pansiwo anali mayi wa kukampani yosindikiza mabuku a ana. Atamva za vutolo anakayikira, n'kunena kuti mabuku awo ndi odzaza ndi mitengo, maluwa ndi zipatso. Wojambulayo anamupempha tsamba limodzi lokha loti ayesere. Anamupatsa lovuta kwenikweni, la msika wa zipatso, zakupsa ndi zosapsa zili mulu umodzi. Anabwera nalo likuoneka moti munthu akanatha kutolapo chipatso n'kuluma.

Lero ana ambiri akuphunzira kuwerenga ndi mabuku okhala ndi zithunzi zake. Ali ndi kachipinda kake kogwirira ntchito, ndipo maso ake sanasinthe ngakhale pang'ono. Chinasintha n'chakuti akafuna thandizo amapempha mokweza, anthu akumva.

Inu amene mukuwerenga, mwina nanunso muli ndi chimene mwakhala mukuchibisa: kusadziwa kuwerenga, mayeso amene munalephera, chilema chosaoneka ndi maso. Mwazungulira nacho njira zitalizitali kuopa kusekedwa, ndipo chakulandani ntchito imene mukanaitha. Pezani munthu mmodzi wokufunirani zabwino, mumuuze zoona zake. Oseka adzaseka n'kutopa, koma wokuthandizani sangakuthandizeni pa chinthu chimene sakuchidziwa. Dzutsani mutu, nenani, ndipo musataye mtima.