Mpira Umene Ndinaukankha ndi Nsapato

A Kochi ndinawadziwa asanakhale kochi. Tinkatchetcha limodzi udzu pabwalo la gofu la koleji ina ku South Bend. Anali mzungu wamtali, zaka zosakwana makumi atatu. Ine ndinali nditapitirira makumi anayi. Sukulu ndinalekeza Sitandade 6. Gofu ndinaidziwira ku Limbe ndili wamng'ono, ponyamula zikwama za ndodo za mabwana. Ntchito imeneyo timati ukedi. Kuno kutsidya la nyanja ndinabwera potsatira mkazi wanga, amene amasamalira okalamba.

A Kochi kale ankasewera bwino, koma anathyoka mkono pa ngozi ya njinga, zosewera mipikisano zinathera pomwepo. Sindinawamvepo akudandaula. M'mawa ankakwera makina otchetchera. Masana ankatsatira kochi wamkulu wa kolejiyo mongodzipereka, kabuku m'thumba, akulemba chilichonse.

Tsiku lina anandipeza ndikuyenda wopanda nsapato pa girini, kapinga wosalala wozungulira dzenje.

"Nsapato zatha?" anafunsa.

"Ndikumva kumene malo atsetserekera. Maso amanama."

Anakhala pansi navula zawo. Mapazi oyera ngati chinangwa chosenda. Tinayenda magirini onse m'mawa umenewo, iwo akufunsa, ine ndikuyankha. Munthu wa digiri kufunsa nzeru kwa ine, ndinali ndisanazionepo.

Patapita nthawi anawalemba kukhala wothandiza kochi. Kenako koleji ina yaing'ono ku Indianapolis inawaitana kukatsogolera timu ya atsikana. Anandipempha kuti ndipite nawo, ndizikayendetsa galimoto ya timu ndi kusamalira malo ophunzirira. Mkazi wanga anapeza ntchito ku Lawrence. Tinasamuka.

Timu imene anaipeza inali ya atsikana asanu. Mmodzi anali asanalowepo mumpikisano. Nyengo yachisanu bwalo lonse limakwiririka, ndiye a Kochi anapeza nyumba yakale yosungiramo katundu cha ku Speedway. Tinamanga maukonde, ine ndinayala kapeti. Atsikana ankamenya mipira atavala majekete. A Kochi sankakalipa. Koma wojomba m'kalasi sankakwera galimoto yanga, ngakhale akhale katswiri. Loweruka ankazungulira masukulu akumidzi kufunafuna ana amene makoleji akuluakulu sanawaone.

Chaka chachitatu akuluakulu a koleji anawauza poyera. Timu ikapanda kufika kumpikisano wa dziko lonse, aitseka. Ntchito ya a Kochi ikathera pomwepo. Njira inali imodzi, kuchita bwino pampikisano wa m'chigawo, umene unachitikira mu Indianapolis momwemo.

Tsiku lomaliza anthu othandiza anachepa. Okonza mpikisano anandipatsa kambendera nandiimika pambali pa dzenje lina lovuta, kuti ndiziona kumene mipira yagwera. Tinali pafupi kudutsa. Mtsikana wathu wodalirika, mwana wa mlimi wa chimanga, anamenya mpira n'kupatukira kumanja. Unalowa muudzu wautali, pansi pa chitsamba. Ndinaupeza ndili ndekha.

Ku Limbe mpira wa bwana sunkakhala pachitsamba. Kedi ankathamanga kutsogolo, n'kuupana ndi zala za kuphazi, n'kuusiya pabwino akuyenda ngati palibe chachitika. Bwana ankayang'ana kumwamba. Kedi wosadziwa zimenezi sankasankhidwanso. Ndinazichita zaka zambiri. Tsiku limenelo sindinaganize n'komwe. Ndinaukankha ndi nsonga ya nsapato, unatuluka n'kuima paudzu waufupi. Ndinakweza kambendera.

A Kochi anafika mtsikanayo asanafike. Anayang'ana mpira, anayang'ana chitsamba, kenako ine. Anali atauona ukulowa ali patali.

"Unagwera pamenepa?"

Panalibe wina amene anaona. Ndikanati inde, iwo sakanatha kunditsutsa.

"Ayi."

"Unali pati?"

Ndinaloza.

Anakweza dzanja kuitana woyang'anira malamulo. Mtsikanayo anafika, namva nkhani, nkhope inafiira.

"Kochi, ine sindinaukhudze!"

"Ndikudziwa. Mpira ubwerera pamene unali."

Woyang'anira anandiuza kuti ndisonyeze malo enieni. Ndinagwada n'kupatula udzu. Mtsikanayo anaika mpira pansi pa chitsamba. Anamenya kawiri kuti autulutse. Madzulo atawonkhetsa, sitinadutse. Timu imene inatiposa inatiposa ndi kumenya kumodzi kokha.

Kunyumba ndinafotokozera mkazi wanga ali pakhomo, akuvula nsapato za kuntchito.

"Ndiye akufayarani?"

"Kaya."

"Abambo, zaka zonsezi kuno, mwendo wanu ukadali ku Limbe?"

Ankanena zoona.

M'mawa ndinapita ku ofesi ya a Kochi n'kuika makiyi a galimoto patebulo.

"Amenewa ndi a chiyani?"

"Ndakuwonongerani ntchito."

"Simunawononge inu. Mpira unalowa wokha pachitsamba, ndipo tinauseweranso pomwepo. Mukanatiwononga ndikanapanda kufika msanga. Bwanji munatero?"

Ndinawauza za ku Limbe. Anamvetsera mpaka kumapeto, osaseka.

"Ndinakufunsani, munandiuza zoona," anatero. "Tengani makiyi. Koma atsikana mukawauze nokha."

Chimenecho chinali chovuta kuposa kusiya ntchito. Masana ndinaima pamaso pawo, chipewa m'manja. Ndinanena zimene ndinachita, ndinapepesa. Mawu anga sanakwane khumi. Kenako mwana wa mlimi uja anapukusa mutu.

"Komanso munauika poipa. Panali potsetsereka. Kuba komwe simutha."

Anzake anaseka, ena misozi ikadali m'maso.

Lachinayi a Kochi anakaonekera kwa akuluakulu. Anavala tayi, koyamba kuwaona atatero. Ndinawadikira panja. Mlembi wa mu ofesimo ndi amene anandiuza pambuyo pake zimene zinanenedwa. A Kochi sanapemphe chifundo, ndipo dzina langa sanalitchule. Anati munthu wa m'timu mwawo analakwitsa, ndipo zolakwa za m'timu ndi za kochi. Patebulo panali kalata yochokera kwa woyang'anira malamulo uja, yofotokoza zimene anaona. Palibe anamupempha kuti alembe. Akuluakulu anakambirana nthawi yaitali. Anawonjezera chaka chimodzi, osati ziwiri.

Chaka chimenecho tinagwira ntchito ngati abulu. Mpikisano wa m'chigawo utafikanso, okonza anapemphanso anthu oona mipira. Ndinauza a Kochi kuti ine ndikhala m'galimoto.

"Ayi. Ndalembetsa kale dzina lanu."

Anandipatsa kambendera okha. Mipira itatu inalowa m'tchire tsiku limenelo, umodzi wa timu yathu. Ndinaima patali, manja kumbuyo, mpaka mwini wake anafika. Anautulutsa bwino. Madzulo tinali titadutsa, ndipo timu sinatsekedwe.

Zaka zotsatira anapambana zikho za m'chigawo, ndipo makochi anzawo anawasankhapo kukhala kochi wopambana onse. Atsikana asanu oyamba aja onse anamaliza maphunziro. Wina pano ndi namwino, wina akuphunzitsa gofu kwawo. Makoleji akuluakulu anayamba kuimba foni. A Kochi anakana kangapo, mpaka gulu limene analilonjeza kuti salisiya linamaliza. Atachoka, amene analowa m'malo mwawo anali mwana wa mlimi uja. Ndinamuyendetsera galimoto zaka ziwiri, mpaka maso anayamba kundivuta.