Mbuzi Yovala Diresi la Ukwati

Mumsewu monse anthu akhala akunong'onezana kuti mwana wa atelala mutu sukuyenda bwino. Eti mtsikana wamkulu ngati uja kumangokhalira kujambula mbuzi kuseri kwa shopu. Komatu amakamba zomwe sakuzidziwa, ndiye khalani pansi mumve.

Mtsikanayu analephera mayeso kawiri. Chaka chomwecho achemwali ake anamwalira n'kusiya kamwana ka zaka zinayi. Chichokereni kumanda kamwanako kanasiya kulankhula. Kankangokhala pansi pa tebulo lodulira nsalu, maso ali pakhoma, ngakhale kulira osalira.

Azakhali ake a mwanayo anabwera nkhope ili gwa.

"Mwanayu mukumuwononga. Mwezi uno ukatha asanalankhule, ndidzamutenga."

Mtsikana uja ndiye zinamulasa mumtima, poti achemwali ake sanamusiyire china koma mwanayo. Ndipo chomwe ankatha ndi kujambula basi, komwe aphunzitsi ankamukwapulira m'kalasi. Anatenga mapepala akhaki omwe bambo ake amadulira mapatani, n'kujambula angelo, maluwa, mkwatibwi wokongola. Mwana osayang'anako. Anajambula mbuzi, nkhuku, wapolisi. Ayi ndithu. Mwezi nawo ukupita.

Tsiku lina atelala, poti maso awo ndi ofooka, anatola mapepalawo osaona kuseri n'kudulapo patani ya thalauza la kasitomala. Ntchito yonse ija inagwera pansi zidutswazidutswa.

"Ababa, mwandipha ine."

"Nanga iwe umajambuliranji pa zida zanga? Pepala ndi pepala, mwanawe."

Mtsikana uja anatuluka kukalira. Pobwerera anapeza kamwana kaja katatola zidutswa ziwiri n'kuzigundanitsa: mutu wa mbuzi, ndevu zake zonse, pamwamba pa diresi la mkwatibwi. Timapewa take tinkagwedezeka. Kenako kanaseka mpaka kutsamwa.

"Amayi aang'ono, ameneyu amukwatira ndani?"

Mtsikanayo anakhala pamakina n'kusoka mapepala ena a zithunzi pamodzi ngati buku, kenako anawadula pakati ndi sizasi kuti mitu izitembenuzidwa payokha, matupi paokha. Wapolisi wa miyendo ya nkhuku. Mngelo wa nyanga.

Azakhali atabwera, mwana anawatsegulira bukulo n'kuloza nkhuku yomanga mpango.

"Awa ndi inu."

Anachoka atakwiya, koma anachoka okha.

Musaganize kuti zonse zili myaa. Mwanayo amafunsabe kuti amayi ake abwera liti, ndipo pamenepo palibe chithunzi chomwe chimathandiza. Satifiketi ya sukulu nayo mtsikana uja alibe. Koma pano aphunzitsi a sukulu za mkaka amabwera kudzaitanitsa mabuku odulidwa pakati aja, ati ana amalimbirana mpaka kung'amba. Atelala ndi amene amasoka, kwinaku akudandaula kuti mapepala awo akutha.

Osataya mtima, anzanga. Nanga inu zanu zomwe zinaduka zidutswazidutswa zija, munasesa kale n'kutaya, kapena mwayamba mwazitola n'kuona kuti zingalumikizane bwanji?