Masiku Khumi ndi Limodzi Chifukwa cha Mayi wa ku Kitengela

Anagogoda Lachiwiri m'mawa, tiyi ali pamoto. Amuna anga ndiwo anatsegula. Pakhomo panaima abambo atatu ovala masuti, ndipo wamkulu wawo anatchula dzina langa molondola, dzina limene anthu a ku Nairobi ankapunthwa nalo. Pomwepo ndinadziwa kuti sanayambe dzulo kundifufuza.

"Mama, twende," anatero, kutanthauza kuti tiyeni. "Mafunso awiri okha. Nkhomaliro mudzadyera kwanu."

Amuna anga analankhula m'Chichewa kuti alendowo asamve. "Mayi, valani juzi. Ine ndikuthamangira kwa mabwana anu pompano."

Munali m'katikati mwa zaka za m'ma 1990. Tinkakhala ku Lang'ata, dera la mu Nairobi. Tinachoka ku Malawi amuna anga atapeza ntchito ku bungwe lina la mpingo, ndipo ine ndinalembedwa ukalaliki ku bungwe la maloya, ku nthambi yoona za malamulo a m'banja. Sindinali loya. Ndinkataipa makalata ndi kusunga mafayilo. Chaka chilichonse maloya athu, ambiri mwa iwo amayi, ankapita Loweruka m'maholo a matchalitchi ku Kasarani, ku Kitengela ndi kwina, kukamva madandaulo a anthu kwaulere. Kunkabwera omwe banja lawathera, olandidwa ana, ndi amayi amasiye othamangitsidwa m'nyumba zawo. Ine ndinkakhala pambali ndi kope. Chaka chikamatha, zonsezo zinkalowa mu lipoti limodzi lowerengedwa pa msonkhano waukulu wa maloya, pamodzi ndi malamulo amene tinkapempha kuti asinthidwe.

Mu lipoti la chaka chimenecho munali nkhani ya mayi wina wamasiye wa ku Kitengela. Patangotha sabata chiikireni mwamuna wake m'manda, mlamu wake, munthu wa mphamvu zambiri, anamulanda nyumba ndi ana ake awiri. Mayiyo atakasuma kukhoti, anayamba kuopsezedwa. Maloya athu anamubisa kwa masisitere ena mpaka tsiku la mlandu, ndipo amene anamuperekeza kumeneko ndinali ine.

Anandiika m'chipinda chapansi pa nyumba ina m'tauni. Munalibe zenera. Munali ndowa ndi babu losazima. Masana a tsiku lomwelo ananditengera kwa wofunsa mafunso, bambo wolankhula motsitsa, wa malaya osita bwino.

"Mkazi uja ali kuti?"

"Sindikudziwa, bwana. Ine ndimangotaipa."

"Wotaipa amawerenga zimene akutaipa," anatero. Kenaka anatulutsa pasipoti yanga m'dirowa n'kuiika patebulo. "Ndinu mlendo kuno. Maloya anuwo ndi eni dziko, mawa adzalemba kalaliki wina. Inu muli ndi ndani?"

Funso limenelo linandilowa. Nditabwerera m'chipinda chija ndinaliganizira kwambiri, chifukwa sindinkadziwa ngati ankanama. Koma chimene chinandisowetsa mtendere kwenikweni chinali bodza langa lomwe. Ndinakulira m'tchalitchi, ndipo ndinaona kuti ndikapitiriza kunena kuti sindikudziwa, tsiku lina adzandikola, ndipo ndikadzagwidwa bodza limodzi ndidzamasula zonse. Choncho tsiku lachitatu atandifunsanso, ndinayankha zina.

"Ndikudziwa kumene ali, bwana. Koma sindinena."

Anandiyang'ana kwa kanthawi, kenaka anatuluka, ndipo munalowa anthu ena awiri. Za tsiku limenelo ndi lotsatira lake sindilemba zambiri. Khutu langa lakumanzere silimva bwino mpaka lero. M'chipinda changa anathiramo madzi ofika m'akakolo, moti masiku anayi sindinagone pansi. Ndinkatsamira khoma n'kumatchula pamtima mitu ya lipoti lathu, kuyambira woyamba mpaka womaliza, ndikamaliza n'kuyambiranso. Ndinali nditalitaipa katatu, ndiye ndinkalidziwa ngati pemphero.

Tsiku lachisanu ndi chinayi, mlonda wamkazi amene ankabweretsa tiyi ndi buledi anachedwa pang'ono pakhomo. Chifikireni changa anali asanandilankhulepo.

"Kula, mama," anatero, kundiuza kuti ndidye. Kenaka ananong'ona, "Iwe ndiwe ndani kodi? Amayi ovala mikanjo yakuda aja akuvutitsa mabwana athu tsiku ndi tsiku. Dzulo anabwera ambiri, mpaka galimoto zinasowa poima."

Ndinadya buledi yense. Funso la bambo wa malaya osita uja, loti ndili ndi ndani, linali layankhidwa.

Ndinamva pambuyo pake kuti amuna anga anafika ku ofesi Lachiwiri lomwelo asanatsegule, ndipo mayi wapampando wa nthambi yathu analemba yekha pempho lokakamiza ondigwirawo kuti andionetse pamaso pa woweruza. Kawiri konse ondigwirawo anakana kuti sakundidziwa. Kachitatu woweruza analamula kuti abwere nane, apo ayi abwere mkulu wawo kudzafotokoza.

Lachisanu, tsiku lakhumi ndi chimodzi, anandipatsa madzi osukusula n'kundikweza galimoto. Nditalowa m'khoti ndinaona mabenchi onse akuda bii ndi mikanjo. Sanali a nthambi yathu okha. Kunali maloya a milandu ya malo, a makampani, ena amene kale ankadutsa pa tebulo langa osandipatsa moni. Onse anaimirira. Woweruza anafunsa mlandu wanga. Woimira ondigwira anatembenuza mapepala ake uku ndi uku, n'kunena kuti kafukufuku akupitirira.

"Ndafunsa mlandu," anatero woweruza. Woimira uja anakhala pansi. "Mayi, ndinu mfulu. Pasipoti yawo abwezeredwe lero."

Panja mayi wapampando anandigwira manja onse awiri. Anali munthu wosakonda kuonetsa misozi. "Mayi uja ali bwino," anatero. "Palibe amene wamupeza. Pumulani sabata ziwiri, kenaka mubwere. Lipoti lija palibe wina akudziwa pomwe munalekezera."

Mlandu wa mayi wa ku Kitengela unazengedwa mwezi wotsatira. Anafika yekha pamaso pa woweruza, n'kulankhula, ndipo ana ake anabwezedwa kwa iye, nyumbanso pambuyo pake. Lipoti linawerengedwa pa msonkhano wa chaka osachotsamo mawu ngakhale amodzi. Anawonjezeramo ndime imodzi yonena za ine. Ndinakana kuitaipa, ndiye mayi wapampando anaitaipa yekha ndi zala ziwiri, ndipo ndi ndime yokhayo m'lipotimo imene ili ndi zolakwika.

Ndinagwirabe ntchitoyo mpaka m'zaka za m'ma 2000. Chaka ndi chaka tinkabwereza mapempho omwe aja, ndipo ndinakhalapo mpaka kuona ena mwa mapemphowo atasanduka malamulo oteteza ana.

Anthu akandifunsa kuti ufulu umakoma bwanji, ndimakumbukira Lachisanu lija. Maloya atatu anapempha kutiperekeza pa galimoto zawo, koma ine ndinauza amuna anga kuti ndikufuna matatu, minibasi ya kumeneko. Tinakwera yodzaza, yaphokoso, kondakitala akumenya chitseko. Kutatsala masiteji awiri kuti tifike kwathu, ndinagogoda padenga kuti iime.

"Mayi, sitinafiketu," anatero amuna anga.

"Ndikudziwa, abambo. Ndangofuna kutsika."

Dalaivala anaima. Palibe anandifunsa chifukwa. Tinatsika n'kuyenda wapansi m'fumbi la ku Lang'ata, pang'onopang'ono chifukwa miyendo inali yotupa, ine ndikumwetulira aliyense amene tinakumana naye.